A Chagunda ndi Timfuti Tiwiri

A Medson Chagunda ndinawadziwa zaka khumi, ndipo ndisaname, sindinawakonde ngakhale tsiku limodzi. Tinkagwira ntchito limodzi ku Gigiri, mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, m'bungwe lina la maiko ambiri, iwo ku chipinda cha mafailo, ine Fumbani ku gawo lolemba malipoti. Amalawi tinalimo ochepa, tsono kaya mukondana kaya simukondana, mumapezeka mukumwera tiyi pa tebulo limodzi n'kumatchulana achimwene. Kwa eni kumakhala choncho.

Anabadwira ku Ntcheu, ndipo anaphunzira sukulu ya mishoni nthawi imene mwana sankayankha aphunzitsi manja ali lendelende. Unkaima njo, manja onse kumbuyo, mutu utazolika pang'ono. Anzawo anasiya khalidwelo atangovula yunifomu, koma iwo analisandutsa khasu lolimira. Anayamba ntchito ya umesenjala ku Zomba, manja kumbuyo. Anakhala kalaliki ku Lilongwe, manja kumbuyo. Bungwe lathu litawalemba, azungu anati sanaonepo munthu waulemu chotere, mpaka mu 1993 anawatumiza ku Nairobi. Bwana akangotulukira pakona, manja a a Chagunda ankathamangira okha kumsana n'kukagwirana pamwamba pa lamba, eni ake osadziwa n'komwe, kenako msana unkapindika.

Koma ulemu wawo unkayenda njira imodzi, yokwera. Kwa anthu a pansi pawo anali chilombo. Mayi wina wosesa, wa ana anayi, anamuchotsetsa ntchito chifukwa sanaimirire iwo polowa mu ofesi, ndipo nkhaniyo ankaisimba akuseka. Akazi awo, a Joanna, anali mphunzitsi kwathu, koma anasiya choko n'kutsatira banja. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwabi, anamusiya ku sukulu yogonera komweko ku Malawi. A Joanna anali munthu wamtali, wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo mawu ochepawo ankacheperachepera chaka ndi chaka.

Nkhani imene inawatchukitsa inachitika mu 1996, akukhala ku Buruburu. Masiku amenewo achifwamba olanda magalimoto anali atavuta mu Nairobi. Ankakudikira pageti pako penipeni, dzuwa likuswa mtengo. Lamlungu lina a Chagunda akuchokera ku tchalitchi ndi akazi awo, anatsika kuti atsegule geti, n'kungoona amuna awiri atulukira kuseri kwa kagolosale, mmodzi ali ndi mfuti. Malinga ndi kunena kwawo, iwo analimbana nawo kwadzaoneni. Woyamba anamugwetsa ndi chibakera, wachiwiri anawatema pamphumi ndi chigwiriro cha mfuti mpaka anakomoka, ndipo potsitsimuka anapeza galimoto yapita ndi akazi awo omwe. Chipsera chinalipo pamphumi, aliyense ankachiona.

Zenizeni ndinadzazimva patatha zaka zisanu ndi ziwiri, koma ndikuuziranitu pano kuti tisasocheretsane. Atangoona mfuti, a Chagunda anagwada m'fumbi ndi suti yawo ya ku tchalitchi n'kuyamba kuomba m'manja. Makiyi anapereka asanafunsidwe. Mmodzi wa achifwambawo anauza a Joanna kuti atsike, koma a Chagunda, poopa kuti anthuwo akachedwa pamalopo aombera munthu, anakuwa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili chawo chothyokathyoka kuti, "Tengani zonse! Galimoto, mkaziyo, tengani, ine ndisiyeni!" Achifwambawo anayang'anana n'kuphulika kuseka, kenako anatseka chitseko a Joanna ali momwemo. Chipsera chija n'cha geti, anadzimenyetsa pothawira m'kati chokwawa. A Joanna anakatayidwa kutchire la ku Ruai opanda nsapato, opanda duku, ndipo wa mfuti uja powakankhira kunja anati, "Mama, ife sitinkakufuna. Wakupereka ndi mwamuna wako." Anayenda wapansi maola atatu asanapeze matatu, minibasi ya kumeneko, yowamvera chisoni.

Mboni ya zimenezi inali imodzi pa dziko lonse, ndipo inkagona nawo bedi limodzi. Kuyambira tsiku limenelo a Chagunda anali ndi ntchito imodzi yeniyeni pa moyo wawo, kuonetsetsa kuti pakamwa pa akazi awo pasatseguke.

Munthu wanzeru akanaikwirira nkhaniyo n'kuiiwala. Iwo ayi. Pa ukwati, pa phwando la pa 6 July, ngakhale pamaliro, ankaifukula, ndipo chaka chilichonse chibakera chija chinkakula. Akamaliza ankatembenukira kwa akazi awo, anthu onse akuyang'ana.

"Si choncho, mayi a Mwabi?"

"Ndi choncho, bambo."

Ife tinkaomba m'manja. Ine ndinkadabwa pang'ono kuti munthu amene amanjenjemera bwana akatsokomola anagwetsa bwanji chigawenga, koma ndinkati mwina mantha a mu ofesi ndi ena, a pamsewu ndi ena.

Kenako anayamba kufuna laisensi ya mfuti. Kwa munthu wobwera ngati ife inali nkhani yovuta kwambiri, koma a Chagunda ankadziwa kuima pakhomo la ofesi. Zaka zitatu akutenga makalata kwa mabwana, akuonetsa chipsera, akuwerama apa ndi apo, mpaka mu 1999 pepalalo linatuluka. Apa n'kuti atasamukira ku fulati ya ku Lavington. Loweruka lina m'mawa anandiimbira foni kuti ndiwaperekeze kukasankha. Sikuti ankafuna nzeru zanga, ine mfuti ndinkangoiona kwa asilikali. Ankafuna munthu woti Lolemba akafalitse ku Gigiri.

Sitoloyo inali m'tauni, m'mwamba mwa nyumba ina yakale, kuseri kwa zitseko ziwiri zachitsulo. Mwini wake anali Mmwenye wachikulire, wa imvi mbuu, wosakonda zocheza. A Joanna anabwera nawo, atanyamula majekete atatu a amuna awo pamkono. Mkuluyo anawerenga laisensi, anayang'ana mimba ya a Chagunda, kenako anayala nsalu yobiriwira n'kuikapo timfuti tiwiri ta m'thumba.

Koyamba kanali ka ku Germany, kopyapyala ngati kabuku ka nyimbo, kolowa zipolopolo zisanu ndi ziwiri, kokhala ndi kaloko m'mbali. Kameneka ukakaika m'chimake chachikopa n'kukakoleka kukhwapa, jekete inkagwa bwinobwino. Kachiwiri kanali ka ku Czech, kafupi koma kojintcha, kolemera, kolowa zipolopolo khumi ndi ziwiri. Kukhwapa kankatukula jekete moonekeratu. Kutsogolo kwa lamba mimba inakakana, moti a Chagunda atayesa kukhala pampando anadzuka msanga nkhope itakwinyika. Malo okha amene kanalola anali kumsana, m'kati mwa lamba, chakumanja pang'ono.

"Lamulo likuti mfuti isaoneke," anatero Mmwenyeyo. "Munthu wa thupi lanu, wa ntchito ya mu ofesi, tengani kopyapyalaka. Zipolopolo zisanu ndi ziwiri zikakukanikani, khumi ndi ziwiri sizingakupulumutseni."

A Chagunda anakoleka kopyapyalako, anavala jekete, n'kuima pakati pa sitolo manja atatambasula ngati ali kwa telala.

"Mayi a Mwabi, zungulirani. Kakuoneka?"

A Joanna anazungulira kamodzi. "Sikakuoneka."

"Yang'anitsitsani, musangoyankha ngati mwatumidwa."

Anazunguliranso. "Sikakuoneka, bambo. Ngati mulibe kanthu."

Ndinaona nkhope ya a Chagunda ikugwa. Zaka zitatu za kuwerama, n'kumaoneka ngati alibe kanthu! Anavula, anasomeka kojintcha kaja kumsana, n'kuvalanso jekete.

"Nanga aka?"

"Mukaima chilili sikakuoneka," anatero a Joanna ali kumbuyo kwawo. "Mukawerama kakuoneka."

"Pang'ono kapena kwambiri?"

"Chigwiriro chonse."

A Chagunda anamwetulira mpaka usinini kuonekera. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti mkuluyu sankafuna chobisa ayi. Ankafuna chinthu choti azinena kuti wabisa, koma aliyense azichiona, makamaka amene amayenda pambuyo pawo atanyamula majekete.

Mmwenye uja anayamba kufotokoza za kasamalidwe kake, ndipo popeza amene ankalankhula anali mwini malo, wa imvi, wa khungu loyera, manja a a Chagunda anachita zimene anazolowera. Anapita kumsana n'kukagwirana, zala zitagona pa chigwiriro penipeni. Mkuluyo anadula mawu.

"Bwana, chotsani manja kumeneko."

"Pepani, pepani bwana."

"Munthu wonyamula mfuti safikitsa dzanja pamene pali mfuti, pokhapokha ngati akufuna kuombera. Kunjaku anthu sakufunsani kuti mumatani."

Sipanathe mphindi ziwiri, manja aja anabwereranso. Mmwenyeyo anapukusa mutu n'kukankhira kopyapyala kaja kutsogolo kwawo. Ine ndinaseka.

"Achimwene, tengani ka kukhwapako. Manja anuwo samva, adzakuphetsani ndi ulemu."

"A Fumbani, inu munayamba mwagwirapo mfuti? Munayamba mwalimbanapo ndi chigawenga?" Anatembenuka. "Mayi a Mwabi, inu mukuti kati?"

A Joanna anayang'ana manja a amuna awo, anayang'ananso timfuti tija, nthawi yaitali ndithu. "Kamene mtima wanu wakonda, bambo."

A Chagunda anatenga ka kumsana. Potsika masitepe ankayenda ngati tambala wachilendo, ndipo ine ndinakumbuka mawu aja akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma sindinawatulutse.

Kamfuti kameneko sikanaonepo chigawenga. Kanalira tsiku limodzi lokha, kumalo ophunzirira kuombera, ndipo a Chagunda anabwerako akudandaula makutu sabata yathunthu. Ku ofesi sankaloledwa kulowa nako, ankakatsekera m'galimoto. Ntchito yake yeniyeni inali kunyumba. Ankakapukuta ndi duku loyera la a Joanna, lija la ku chigwirizano cha amayi, ati nsalu yake ndi yofewa. Mlonda wa pafulati ankaima ngati msilikali iwo akamadutsa. Mwabi atabwera ku holide anakhala milungu iwiri n'kupempha kubwerera ku Malawi, ndipo sanabwerenso. Pagulu, a Joanna akangoti atsegule pakamwa, a Chagunda ankasisita kumsana kwawo pang'onopang'ono ngati pakuyabwa, basi mawu n'kubwerera kukhosi.

Tsiku lina anandiitana ku nkhomaliro. Tikudya, a Joanna anati, "Alamu, mukukumbuka ku Buruburu kuja..." Ndikhulupirira ankafuna kunena za mayi wina amene tinkagulako mandazi. A Chagunda anasiya foloko, anapisa kumsana, n'kukaika kamfutiko patebulo pafupi ndi mchere, kukamwa kwake kutaloza mbale ya akazi awo. Kenako anatola foloko n'kupitiriza kudya.

"Mumati chiyani za ku Buruburu, mayi a Mwabi?"

"Ndaiwala, bambo."

"Idyani, ndiwo zikuzizira."

A Joanna anadya. Anamaliza mbale yonse, chifukwa amuna awo ankawayang'ana. Ndipo ine, amene ndikunyoza mnzanga pano, ndinadyanso. Ndinayamikira nkhuku, ndinapempha ndi madzi akumwa. Ndinatuluka m'nyumbamo ndikudzida, koma Lolemba tinamwa tiyi pa tebulo limodzi monga mwa masiku onse. Amuna amantha ku Nairobi tinalipo ambiri, kungoti enafe tinalibe chipsera choonetsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pafupi ndi fulati yawo pankakhala bwana wina wa ku Kenya konko, mwini malole ambirimbiri, munthu wa nyumba ya mpanda wautali. A Chagunda anakhala zaka ziwiri akulakalaka kuti bwanayo adzangowadziwa dzina. Ankamugwedezera mutu pamsewu, galimoto n'kudutsa magalasi ali otseka. Chimene sankachilabadira n'chakuti mwezi umodzi m'mbuyomo anthu ena anaombera galimoto ya bwanayo, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ndi munthu womuteteza, wa mfuti, wosaphethira.

Linali Loweruka m'mawa, mu 2003, pamasitolo a ku Lavington. A Chagunda akutuluka mogula buledi anaona bwana uja akupita ku galimoto yake. Anaponyera a Joanna jumbo m'manja n'kuuyatsa kudutsa poimika magalimoto, kuyenda kosakaniza ndi kuthamanga, akuitana, "Bwana! Bwana!" Atafika pafupi anaima, msana unapindika, jekete inakwera, ndipo manja anathamangira kumene ankathamangira kuyambira ali mu Sitandade 1. Womuteteza uja anali chambali, pachitseko cha galimoto. Anaona munthu wobwera chothamanga, anaona chigwiriro chonse, anaona dzanja likufika pomwepo. Anaomba kawiri.

Chipolopolo china chinalowa paphewa, china m'khosi. Anthu onse amene analipo ananena zofanana, kuti munthu anathamangira bwana n'kupisa pamene panali mfuti, tsono panalibe mlandu woti n'kuzenga. Kamfuti kaja apolisi anakatenga kakadali m'chimake. A Joanna akuti anaima pomwepo ndi buledi m'manja mpaka galimoto ya chipatala inafika.

A Chagunda sanafe. Anagona m'chipatala miyezi inayi, n'kutuluka ndi mutu wabwinobwino, maso akuona, makutu akumva, mawu akutuluka ngakhale mosasa. Koma kuyambira m'khosi kutsika mmunsi munalibe chogwedera. Bungwe linayamba kukonza zowatumiza kwathu, ndipo ife, monga mwa mwambo, tinagawana masiku okazonda matenda.

Gulu lathu linapita Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, anthu khumi ndi mmodzi, motsogozedwa ndi a Mose, mkulu wa mpingo. Tinawapeza pabalaza, pa njinga ya olumala, atametedwa ndevu, atavekedwa suti ndi tayi. Ndinaizindikira jeketeyo, inali imodzi mwa majekete atatu aja. Manja awo anali atawasanjika pamiyendo, kutsogolo, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiwaone bwinobwino. Anali manja ang'onoang'ono, osalala. A Joanna anali atavala duku loyera latsopano, akuthira tiyi.

Titapemphera, a Mose anafuna kulimbikitsa wodwala. "Abale, bambo awa si munthu wamba. Anapulumuka ku Buruburu atalimbana ndi zigawenga ziwiri ndi manja okha. Mulungu amene anawapatsa mphamvu tsiku lija..."

A Joanna anaika thipoti pansi. "A Mose, pepani ndikuduleni. Za ku Buruburu ndikuuzani ine, poti ndinalipo."

Anakhala pampando moyang'anana ndi amuna awo n'kuyamba. Sanakweze mawu, sanalire, ankafotokoza ngati ali m'kalasi. Anatiuza za kugwada, za kuomba m'manja, za makiyi. Mawu aja a "tengani mkaziyo" anawanena katatu, m'Chingerezi, m'Chiswahili, kenako m'Chichewa kuti pasakhale wotsalira. Anatiuza mmene geti linalirira mutu utagundapo. Anavula nsapato n'kutionetsa zipsera za minga ya ku Ruai kumapazi. Amayi ena anagwira pakamwa, a Mose anangoti maso pa Baibulo. Mmodzi wa ife, sindimutchula, kuseka kunamupulumuka n'kukusandutsa chifuwa.

Ine ndinkayang'ana a Chagunda. Mitsempha ya m'khosi inatupa, maso anagwera padzanja lamanja, ndipo ndinadziwa kumene dzanjalo linkafuna kupita. Silinasunthe. Misozi inatsika mpaka pa kolala, popanda woipukuta.

"Joanna," anatero ndi mawu osasa. Sindinawamvepo akutchula dzina limenelo. "Joanna, madzi."

A Joanna anadzuka, anatenga kapu yokhala ndi kapaipi koyamwira, n'kuima nayo patsogolo pawo, patali pang'ono ndi milomo.

"Ndati munagwada, munandipereka, munathawa chokwawa. Si choncho, bambo a Mwabi?"

A Chagunda anayang'ana a Mose, anayang'ana ine, ngati wina anenapo kanthu. Ine ndinayang'ana tiyi wanga, monga mmene ndinayang'anira nkhuku tsiku lija. Milomo yawo inali itauma, ikuthetheka.

"Ndi choncho."

"Alendo sanamve."

"Ndi choncho, mayi."

Anawamwetsa madziwo bwinobwino, osawatsamwitsa, n'kuwapukuta pachibwano ndi kansalu. Kenako anatifunsa ngati alipo wofuna tiyi wina.

Potuluka ndinatsalira pakhomo. Ndinali ndi mantha ndi mayiyu, ndisabise, koma funso linkandiyabwa.

"Alamu, tsiku lija kusitolo ya mfuti kuja, munaona manja aja. Munadziwa?"

"Inunso munaona, alamu," anatero akukonza duku. "Inu munaseka. Ine anandifunsa ngati kakuoneka, ndinayankha zimene anandifunsa."

Ndikutsika masitepe ndinakumana ndi gulu lina likukwera, ana a sukulu a ku yunivesite asanu ndi atatu, Amalawi anzathu, atanyamula malalanje ndi mabuku a nyimbo. Mmodzi ankauza mnzake kuti bambo amenewa ndi aja anagwetsa chigawenga ku Buruburu. Pamwamba ndinamva chitseko chikutseguka, ndi mawu a a Joanna, omasuka kuposa mmene ndinawamverapo.

"Lowani, lowani, ana anga. Bambo ali pabalaza, akukudikirani. Khalani pafupi kuti mumve bwino."